Ndalama za ma TDC ndi za SIG: mafunso amene makolo ndi aphunzitsi amandifunsa

Ndaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri ndithu, ndipo zina mwa zakazo ndinazithera pa TDC ina kumudzi, malo osulirako aphunzitsi, ndikuthandiza a PEA, alangizi a zamaphunziro apulayimale, ngati ACCO, wothandizira kuyendetsa TDC. Nde nthawi ya bajeti ikamayandikira foni yanga siipuma, wina kholo, wina wa mu komiti ya sukulu, wina mphunzitsi woti wangoyamba kumene ntchito, onse funso lawo ndi limodzimodzi, kodi ndalama zija zoyendetsera ma TDC ndi za chitukuko cha sukulu (SIG) zibweranso, nanga zikadzasiya tidzatani. Ndaona kuti bola ndingoyankha onse pamodzi. Ndineneretu pano kuti ine ndili mbali yoti boma lipitirize ndalamazi, lizizipereka pa nthawi yake, komanso lizilonjeza za zaka zingapo osati kumangoti tiona chaka chamawa.

Kodi TDC ndi chiyani kwenikweni? Timangoona nyumba pafupi ndi sukulu

Nyumba imeneyo ndi likulu la zoni. Sukulu zapulayimale mdziko muno zinagawidwa mma zoni, zoni imodzi imakhala ndi sukulu khumi ndi zingapo, kwina zochepera kwina zochulukirapo, ndipo mkulu wa zoni ndi a PEA, mlangizi wa zamaphunziro apulayimale. Pa TDC ndi pomwe a PEA ali ndi ofesi, ndi pomwe mahedi amakumana, ndi pomwe aphunzitsi amapita kukasulidwa pa kaphunzitsidwe katsopano, ndi pomwe mabuku ochokera kuboma amayamba afikira asanagawidwe mmasukulu. Nthawi ya mayeso a sitandade 8 nkhani zambiri za zoni zimadutsanso pomwepo. Ma TDC ambiri ali ndi holo yamisonkhano, kaofesi, ndi kachipinda ka mabuku.

Mwachidule ndi malo oti mphunzitsi wa kumudzi kwenikweni, woti ku boma ndi mtunda wa tsiku lonse, apeze thandizo pafupi.

Zinayamba liti zimenezi?

Muzu wake ndi 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni mchaka chimodzi chokha. Amene tinaona nthawi imeneyo sitiiwala, ana kudzaza pansi pa mitengo ya mango, kalasi imodzi ana kuposa 100, choko osakwana. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 oti sanapiteko ku koleji, anangowaphunzitsa masabata ochepa chabe nkuwapatsa kalasi. Kenako kunabwera pulogalamu ya MIITEP yoti aphunzitsi amenewa aziphunzira ali pantchito, miyezi ingapo ku koleji kwinako kusukulu kwawo, nde panafunika munthu woti aziwayendera komanso malo oti azikumanako. Apa ndi pomwe pulogalamu ya MSSSP, ndi thandizo la boma la Britain, inamanga ma TDC 315 mdziko lonse.

Chinthu china chimene chinasintha nthawi yomweyo ndi dzina komanso mtima wa ntchitoyo. Kale kunali ma insipekitala, oti akangotulukira pa sukulu aphunzitsi mmimba kuti bwaa. A PEA anayikidwa kuti akhale alangizi, munthu wokhala nawe pansi mukatha kuphunzitsa nkukuuza kuti apa mwachita bwino, apa ana a kumbuyo aja munawasiya. Kuchokera nthawi imeneyo ma zoni awonjezeka chifukwa sukulu zachuluka, ana apulayimale tsopano aposa 5 miliyoni, ndipo pali ma zoni ena oti TDC yawo ndi kalasi yobwereka pa sukulu ina basi.

Nanga SIG ndi chiyani, ikugwirizana bwanji ndi TDC?

SIG ndi ndalama imene boma limatumiza ku akaunti ya sukulu kuti sukuluyo ichitire zimene yalemba mu pulani yake ya chitukuko, ija timati SIP. Isanabwere SIG kunali ina yotchedwa DSS, inayamba mu 2006 ndi thandizo la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, inali yochepa, yogulira makope, choko ndi tinthu tina totero. Mu 2010 kunayamba pulogalamu ya PSIP, imene inabweretsa SIG, mmaboma ochepa, pangonopangono nkufalikira mmaboma onse 34 a zamaphunziro. Maganizo ake anali abwino kwambiri, oti anthu apamalopo ndi amene akudziwa chimene chikusowa pa sukulu yawo, osati munthu wa ku Capital Hill woti sanafikeko.

Ndalamayo imagawidwa patatu, gawo la ubwino wa maphunziro monga zipangizo zophunzitsira ndi maphunziro a aphunzitsi, gawo loti mwana aliyense afike pa sukulu ndi kukhalabe pa sukulu monga kukonza makalasi, zimbudzi ndi kuthandiza ana amasiye, ndi gawo la kayendetsedwe ka sukulu lomwe ndi lochepa pa onse, 10 pa 100 iliyonse.

TDC ikubwera pati? Pulani ya sukulu siingochoka mmanja mwa ahedi nkulunjika ku banki ayi. Imadutsa kwa a PEA, iwo amaona ngati yalembedwa motsata malamulo, ngati komiti ya sukulu, PTA, amayi a Mother Group ndi mafumu anakhalapo polemba, kenako ipite kuofesi ya zamaphunziro ku khonsolo. Ndalama ikagwira ntchito, malipoti ndi malisiti amabwereranso njira yomweyo. Ndiponso makomiti amaphunzitsidwira pa TDC pomwepo kasungidwe ka ndalama. Nde mukachotsa mphamvu pa TDC mwachotsanso diso loyang'anira SIG, ziwirizi ndi khasu ndi mpini wake.

Ndalamayo imadutsa kuti isanafike kwa ife?

Nyumba ya Malamulo imavomereza bajeti, a Treasury amatulutsa ndalama, imadutsa ku komiti yoona za chuma cha makhonsolo ija ya NLGFC, ifike ku khonsolo ya boma lanu, kenako ku akaunti ya sukulu. Izi zili choncho chifukwa cha lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lija la mphamvu ku anthu, lomwe linapereka sukulu zapulayimale mmanja mwa makhonsolo. Ndalama yoyendetsera zoni, ya mafuta a njinga yamoto ya a PEA, mapepala, misonkhano, imadutsanso ku khonsolo komweko.

Njirayi ndi yaitali ndipo paliponse ikhoza kuima. Mukamva ahedi akuti sinafike, nthawi zambiri amakhala akunena zoona.

Mukamati boma litalikitse thandizoli mukutanthauza chiyani, poti bajeti ndi ya chaka ndi chaka?

Funso labwino ili ndipo ndikhalapo pang'ono. Pali mitundu iwiri ya ndalama imene yakhala ikusunga ma TDC ndi ma pulani asukulu. Yoyamba ndi ya boma lenilenilo, yochokera mmisonkho yathu, imeneyi imayenera kuvomerezedwa chaka chilichonse, nde chaka china ikhoza kukwera, china ikhoza kungoima pamodzimodzi pamene zinthu zakwera mtengo. Yachiwiri ndi ya mapulojekiti, monga MESIP imene inayamba mu 2016 ndi ndalama za GPE, thumba la mayiko lothandiza maphunziro, pafupifupi madola 45 miliyoni, kenako MERP imene inatsatira ndi thandizo la Banki Yaikulu ija. Pulojekiti iliyonse ili ndi tsiku lake lotsekera. Tsikulo likakwana pali njira zitatu, kuitalikitsa, kuyambitsa ina, kapena boma litenge katunduyo palokha.

Ine ndikamati kutalikitsa ndikunena zinthu zitatu pamodzi. Ntchito yoti yayamba kubala zipatso isaduke pakati chifukwa choti pepala la mgwirizano latha. Boma lilembe poyera kuti kwa zaka zitatu kapena zisanu zikubwerazi zoni iliyonse ndi sukulu iliyonse izilandira zakuti, kuti anthu azitha kukonza mapulani enieni. Ndipo zimene abwenzi akunja anayambitsa zizilowa mu bajeti yathu pulojekiti isanathe, osati kudikira itseke nde tiyambe kufunsana kuti nanga pano titani.

Taganizani sukulu yoti ikufuna kumanga nyumba ya mphunzitsi. Chaka choyamba makolo aumba njerwa nkuwotcha, SIG yagula simenti ya maziko. Chaka chachiwiri pafunika malata ndi matabwa. Ngati palibe amene akudziwa kuti chaka chachiwiricho ndalama ibwera kapena ayi, khoma lija limakhala pamvula nyengo ziwiri mpaka kugwa, ndipo chaka chachitatu mukawaitana makolo aja kuti tiumbenso njerwa amangokuyang'anani. Sindingawadzudzule, thukuta lawo linapita pachabe iwo akuona. Ndondomeko ya dziko ya zamaphunziro, NESIP, ndi ya zaka khumi, 2020 mpaka 2030, nde sizikugwirizana kuti maloto akhale a zaka khumi koma ndalama yake ikhale yosadziwika ngakhale ya teremu yamawa.

Ndalamazi zitasiya kubwera chingachitike ndi chiyani? Sukulu zitsekedwa?

Ayi sizitsekedwa, belu liziimbabe, ana azibwerabe, malipiro a aphunzitsi ndi nkhani ina yapayokha. Vuto lake ndi loti zinthu zimafa mwakachetechete moti wodutsa mumsewu sangaone.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa chaka china ndalama ya zoni itachedwa miyezi yambiri. Njinga yamoto ya a PEA inaima, poyamba chifukwa cha mafuta, kenako tayala linatha. Anaikankhira mu holo, pakona pafupi ndi makatoni a mabuku, mpaka nkhuku ya mlonda inayamba kuikira mazira pansi pake. Mzoni mwathu munali sukulu ina kutsidya kwa mtsinje, inalandira mtsikana wongochoka kumene ku TTC, koleji ya aphunzitsi, anamupatsa sitandade 1, ana kuposa 120. Teremu yonse palibe amene anapita kukamuona akuphunzitsa. Tsiku lina anabwera yekha pa TDC atakwera kabaza, ndalama yake yomwe, anakhala pa benchi nkundiuza kuti "achimwene, ana anga sakuwerenga, ndayesa zonse, mwina ine ntchitoyi si yanga". Tinatenga katoni yakale, tinadula timakadi, tinalemba maphatikizo ndi maka yoti inali itatsala pang'ono kuuma, ndinamuonetsa kagawidwe ka ana mmagulu kuti amene ayamba kugwira azithandiza anzawo, komanso kuti asamangoima kutsogolo azizungulira mpaka kwa ana a pakhoma aja. Zinthu za maola awiri basi. Koma maola awiri amenewo anayenera kuwapeza sabata yachiwiri ya teremu ali mkalasi mwake, osati kumapeto atayamba kale kuganiza zosiya ntchito.

Ndi zimenezo zimene zimatayika. Mphunzitsi watsopano amasiyidwa yekha. Mabuku amakhala pa TDC miyezi chifukwa palibe chonyamulira. Mphunzitsi wojomba amadziwa kuti palibe amene atulukire. Ahedi akasowa choko ndi mapepala a mayeso amatembenukira kwa makolo, kachopereka aka kachopereka ako, ndipo mwana woyamba kubwezedwa kunyumba ndi uja wamasiye amene agogo ake alibe ngakhale ya mchere. Kenako zotsatira za PSLCE, mayeso a sitandade 8, zikatuluka timayamba kulozana zala.

Komatu ndalamazi zimabedwa. Tiwonjezerenso pomwe ena akungodya?

Sindikana, zimachitika. Ndinaonapo komiti yoti inabweretsa malisiti a matumba a simenti khumi pomwe pa sukulu panafika asanu ndi limodzi. Ndinaonaponso ahedi oti anasainitsa apampando a komiti cheke chopanda kulembapo kanthu, poti apampandowo kuwerenga kunali kovuta ndipo ankawakhulupirira. Zinandipweteka kwambiri chifukwa bambo amenewo anali munthu wachilungamo, ndipo nkhani itaululika manyazi anagwera iwo pamudzi.

Koma funsani kuti zinaululika bwanji. Zinaululika chifukwa a PEA anapita pa sukulupo, anawerenga matumba opanda kanthu aja, anaitanitsa msonkhano wa makolo. Chikhala kuti njinga inali itaima ngati chaka chija, palibe akanadziwa. Nde kwa ine kuba si chifukwa chochotsera ndalama ku TDC, ndi chifukwa choti gawo loyendera sukulu ndi lophunzitsa makomiti lilimbe. Munda ukamalowa anyani sumasiya kulima, umaika mlonda.

Ndipo pakati pa njira zonse zimene ndalama ya boma imayendamo, iyi ndi imodzi mwa zimene munthu wamba angaitsate ndi maso. Ndi ndalama yoti ikuyenera kumatidwa pa bolodi la zidziwitso pa sukulu, yalowa zakuti, tagula zakuti. Ndalama zikuluzikulu zimene zinasowa nthawi ya Cashgate mu 2013 sizinasowere pa sukulu ya kumudzi, koma mabala ake tinawamva ndife, abwenzi akunja ataimika thandizo lawo la mu bajeti.

Ndalama imene sukulu imalandira ndi yokwana?

Ayi. Mzaka zoyambirira PSIP itafika mdziko lonse, sukulu inkayambira pa K600,000 pa chaka, yokhala ndi ana ambiri nkuwonjezeredwa. Nthawi imeneyo inali ndalama yooneka, unkatha kukonza denga, kugula mabenchi angapo, nkutsalako ya choko. Kuchokera apo kwacha yagwa kangapo, mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 pa 100, mu Novembala 2023 ndi 44 pa 100, ndipo aliyense amene wapita ku hadiweya posachedwapa akudziwa mmene simenti ndi malata zilili. Ndalama ikangopitirizidwa osaiyenderetsa ndi mitengo ya zinthu, pa pepala imaoneka ngati ilipo koma mmanja mwa komiti yachepa kale.

Palinso nkhani ya kagawidwe. Sukulu ya mtauni yoti makolo ake amatha kusonkha ndi sukulu ya kumapiri yoti thumba la simenti limafika pamutu kapena pa ngolo sizingapatsidwe mofanana nkumati tachita chilungamo. Chimodzimodzi ma zoni, a PEA a ku Ndirande akhoza kuyenda wapansi kufika sukulu zingapo, pamene a ku Chitipa, ku Nsanje kapena mmbali mwa nyanja ku Nkhata Bay ali ndi sukulu zoti nyengo yamvula sufikako ndi njinga. Mafuta awo sangakhale ofanana.

Bwanji imachedwa chaka chilichonse?

Zifukwa ndi zingapo. China ndi choti boma likasowa ndalama limayamba lalipira malipiro ndi ngongole, zotsalazo zimadikira. China ndi choti kalendala ya boma ndi ya sukulu siziyendera limodzi, chaka cha boma kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo pomwe chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Koma china tiyeni tivomere kuti ndi chathu chomwe, sukulu zina zimachedwa kupereka pulani ndi malipoti a ndalama yapita, nde khonsolo siingatumize ina.

Kuchedwaku kumawawa kuposa kuchepa. Ndalama yokonzera denga ikafika mu Febuluwale mvula ili pakati, ana anyowa kale miyezi ingapo.

Osangotumiza ndalama yonse ku sukulu bwanji, TDC nkuisiya?

Ena amaganiza choncho ndipo ndimawamvetsa, poti pa sukulu ndi pomwe pali mwana. Koma pali zinthu zoti sukulu payokha siingachite. Siingadziyendere yokha. Siingaphunzitse aphunzitsi ake silabasi yatsopano yoti ngakhale ahedi sanaionepo. Mabuku atsopano akakonzedwa ku MIE, bungwe lokonza silabasi ku Domasi, njira yoti nzeruzo zifike kwa mphunzitsi wa sitandade 2 wa kumudzi ndi yomweyi ya ma zoni. Pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa ana kuwerenga imene inayamba mu 2016 inayenda choncho, aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono ankaphunzitsidwa mma zoni nthawi ya holide, a PEA nkumawatsatira mkalasi. Popanda ma TDC, pulogalamu ngati imeneyo ikanathera mmahotela a ku Lilongwe.

Komanso pa TDC ndi pomwe mphunzitsi amakumana ndi mnzake wa sukulu ina. Nzeru zambiri zimene ndinaphunzira pa ntchitoyi sindinazitenge kwa ophunzitsa ochokera kutali, ndinazitenga kwa amayi ena achikulire a sitandade 1 oti ankaphunzitsa masamu ndi zitsekerero za mabotolo ndi timitengo, tikudya chimanga chootcha pa nthawi yopuma.

Aphunzitsi sapita ku TDC chifukwa cha alawansi basi?

Alipo otero, sitingabise. Mapulojekiti ena anazolowetsa anthu kuti msonkhano uliwonse pakhale envulopu, moti pano ukaitanitsa CPD, maphunziro osula aphunzitsi, yopanda kanthu ena sabwera. Chizolowezi chimenechi ndi choipa ndipo chikufunika kuthetsedwa. Koma tisiyanitse alawansi yongosangalatsa ndi ndalama yoyendera. Mphunzitsi woti wapalasa njinga makilomita 15 kapena walipira kabaza kupita ndi kubwera, nkukhala tsiku lonse osadya, kumubwezera ya thiransipoti ndi ya nkhomaliro si kumukondera ayi. Njira ina imene ndaona ikuthandiza ndi yoti maphunziro ambiri azichitikira pa sukulu pomwepo kapena pa gulu la sukulu zoyandikana, ana akaweruka, a PEA kapena mphunzitsi waluso nkubwera kudzatsogolera. Imeneyi siidya ndalama zambiri koma imafunabe mafuta a njinga ija.

Nanga mabungwe akunja sangapitirize okha?

Atithandiza kwambiri ndipo tiziyamika, nyumba za ma TDC zenizenizo zinamangidwa ndi thandizo lawo. Koma zimene zinachitika kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimika thandizo lodzera ku USAID, zatiphunzitsa kuti ndalama ya mnzako imatha kuima tsiku limodzi popanda kukufunsa. USAID ndi imene inkathandiza kwambiri nkhani ya kuwerenga ija mmakalasi ang'onoang'ono. Chisankho chinapangidwa ku Washington, koma amene anachimva ndi mwana wa sitandade 2 wa kuno.

Mafuta a a PEA, mapepala, kukonza denga la TDC, kuphunzitsa komiti, izi ndi zinthu za tsiku ndi tsiku ngati mchere wa pakhomo, sizoyenera kudikira mlendo. Abwenzi azitithandiza pa zikuluzikulu, monga kumanganso makalasi amene namondwe Freddy anagwetsa mchigawo cha kummwera mu Malichi 2023, koma zoyendetsera zoni zikhale mu bajeti yathu.

Tingadziwe bwanji kuti TDC yathu ikugwira ntchito, kuti ndalamayo isamangopita?

Nanenso sindikufuna kuti ndalama izingopitirira popanda kufunsa. Pali zinthu zoti ngakhale kholo likhoza kuona. Pa sukulu iliyonse pali buku la alendo, tsegulani muone kuti a PEA anasaina liti komaliza, ndipo anangofika muofesi kapena analowa mkalasi. Funsani aphunzitsi kuti teremu ino akumanapo kangati kuti aphunzitsane. Onani ngati mabuku akufika pa sukulu kapena akudyedwa ndi chiswe pa TDC. Unduna unatulutsa miyezo ya maphunziro mu 2015 yoti sukulu iliyonse izidziyesera nayo, komiti yanu ifunse ahedi kuti pa miyezo imeneyo sukulu yathu ili pati.

Koma muyeso umene ine ndimaukhulupirira kwambiri ndi uwu, tengani mwana wa sitandade 3, mpatseni buku la Chichewa loti sanaliwerengepo, mumve. Mukachita zimenezi ndi ana khumi kumayambiriro kwa chaka nkudzachitanso kumapeto, mudziwa zambiri kuposa lipoti lina lililonse. Zoni yoti yalandira ndalama zaka zitatu koma ana ake sakusuntha ikuyenera kufunsidwa mafunso, mwina nkusintha utsogoleri wake. Koma mufunse munthu amene mwamupatsa zipangizo, osati woti njinga yake ili pakona.

Sukulu za pulayiveti ndi za sekondale zilimo?

SIG imene ndikunena pano ndi ya sukulu zapulayimale za boma, kuphatikizapo zija za mishoni zothandizidwa ndi boma. Za pulayiveti sizilandira. Sekondale ili ndi njira yake yosiyana, imayendera ma divishoni a zamaphunziro asanu ndi limodzi ndi magulu awo a sukulu zoyandikana.

Ine ndine kholo wamba, ndingachitepo chiyani?

Amayi, bambo, muli ndi mphamvu kuposa mmene mukuganizira. Msonkhano wolemba SIP ukaitanidwa pitani, musamati za sukulu ndi za ophunzira okha, chimbudzi cha atsikana chikagumuka amene amadziwa msanga ndi inu. Posankha komiti sankhani anthu oti angafunse funso pamaso pa ahedi mwaulemu koma osaopa, ndipo pakhale mmodzi wodziwa kuwerengera. Wina aliyense wosaina cheke asasaine chopanda manambala, ngakhale atauzidwa kuti tikuthamangira banki isanatseke. Pogula katundu pakhale makotesheni a mashopu angapo, ndipo katunduyo akafika awerengedwe anthu akuona.

Mukafunsa kuti ndalama yalowa zingati simukuchita chipongwe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndalama ya SIG ndi ya boma, nde ndi yanu kuidziwa. Zikakanika pa sukulu pitani kwa a PEA, zikakanika pamenepo kuofesi ya zamaphunziro ku khonsolo, ndipo ngati pali umboni wa katangale a ACB alipo.

Pa nkhani yoti ndalama ipitirire ndi kukwera, anthu ake ndi akhansala ndi aphungu anu chifukwa ndi amene amakhala pomwe bajeti ikukambidwa. Akabwera pa msonkhano kumudzi musangowapempha mpira ndi mayunifomu a timu, afunseni kuti sukulu za mdera lino zalandira SIG yake chaka chino, inafika mwezi uti, nanga njinga ya a PEA ikuyenda. Mukapita ngati gulu, amfumu ali patsogolo ndi kalata yosainidwa ndi makomiti a sukulu zonse za mzoni, amamva msanga kusiyana ndi munthu mmodzi.

TDC ndi ya aphunzitsi okha kapena ifenso tingalowemo?

Mungalowemo. TDC ili ndi komiti yake yoyendetsa momwe mumakhalanso anthu a mmudzi, ndipo mmadera ambiri holo ija imabwerekedwa pa misonkhano ya zachitukuko, ya alimi, ngakhale ya zaumoyo, kandalama kakapezeka nkumalipirira mlonda ndi kukonza maloko. Kumene kuli kachipinda ka mabuku, mwana wanu wa sitandade 7 kapena 8 akhoza kukawerengerako masana akaweruka, mungofika nkulankhula ndi a ACCO kuti akuuzeni masiku ndi maola amene amatsegula. Mukapeza mawindo osweka kapena denga likudontha pamwamba pa makatoni a mabuku, kauzeni apampando a komiti ya TDC tsiku lomwelo, ndipo pa msonkhano wotsatira wa zoni mukafunse kuti zalowa mu pulani ya chaka chino kapena ayi.